Kalata yotseguka kwa oyang'anira mafuta ndi gasi: methane amene mukuwotchayo akanasanduka katundu

Olemekezeka nduna zoona za mphamvu, akuluakulu a makampani okumba mafuta, komanso inu amene mumagawa ndalama za kafukufuku wa sayansi,

Ndakulemberani pa nkhani ya moto uja umayaka usana ndi usiku pansonga za mapaipi aatali m'malo okumba mafuta. Banki ya World Bank imawerengera moto umenewu pogwiritsa ntchito masetilaiti, ndipo inapeza kuti mu 2023 gasi wokwana makyubiki mita 148 biliyoni anapsa osaphikira munthu, osaunikira nyumba, osayendetsa makina alionse. Mu 2024 chiwerengerocho chinakwera kufika pa 151 biliyoni. Mayiko 9 okha, omwe ndi Russia, Iran, Iraq, United States, Venezuela, Algeria, Libya, Nigeria ndi Mexico, ndi amene amawotcha pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a gasi yenseyo. Ambiri a inu munasaina lonjezo la mu 2015 loti pofika 2030 kuwotcha kwa tsiku ndi tsiku kudzakhala kutatha. Chaka chimenecho chili pakhomo, koma moto ukadali lawilawi.

Gawo lalikulu la gasi ameneyu ndi methane, ndipo methane ndi gwero la katundu wambiri amene tonsefe timagula. Feteleza wa urea amachokera kwa iye. Methanol, amene amapangira guluu womatira matabwa, penti, mapulasitiki ndi ulusi wa zovala, amachokeranso kwa iye. Tani imodzi ya methanol imafuna gasi wosapitirira makyubiki mita 1,000. Masamuwo chitani nokha: gasi amene anapsa mu 2023 akanapanga methanol woposa yense amene mafakitale a dziko lapansi amapanga pachaka, womwe ndi matani opitirira 100 miliyoni. Mfundo yanga ndi yakuti makina aang'ono osandutsira methane ameneyu kukhala katundu akuchedwa kubwera pa zifukwa ziwiri zomwe zili m'manja mwanu. Mwalola kuwotcha kukhalabe kotsika mtengo, ndipo ndalama za kafukufuku mukuzithamangitsira ku zinthu zomveka bwino polengeza, m'malo mwa ntchito yaitali ndi yotopetsa yoyesa makina pa gasi weniweni.

Yankho lanu ndikulidziwa, ndipo si bodza. Mafuta ndi amadzi, mumawathira m'thanki, lole kapena sitima n'kunyamuka nawo. Gasi amene amatuluka nawo limodzi pachitsime ndi wovuta kusenza. Kuti methane asanduke madzi ayenera kuzizira mpaka madigiri 162 pansi pa ziro, ndipo makina ochitira zimenezo ndi a ndalama zankhaninkhani. Paipi nayo siyalidwa makilomita mazanamazana m'chipululu chifukwa cha chitsime chimodzi chimene gasi wake angachepe pakangotha zaka zowerengeka. Mumanenanso kuti bola kuwotcha kusiyana ndi kungomusiya auluke, pakuti methane wosapsa amatenthetsa dziko kuwirikiza pafupifupi ka 80 poyerekeza ndi carbon dioxide pa zaka 20 zoyambirira. Zimenezo n'zoona. Koma mu 2022 magazini ya Science inasindikiza zimene ofufuza anapeza atayeza ndi ndege utsi wa m'madera atatu okumba mafuta ku United States: Permian, Bakken ndi Eagle Ford. M'mabuku mumalembedwa kuti moto umanyeketsa 98 peresenti ya methane. Iwo anapeza 91 peresenti, chifukwa pena moto umayaka mosakwanira, ndipo pena umazima popanda wodziwa, gasi n'kumangopita kumwamba ali wamoyo.

Ndiloleni ndifotokoze chimene chimapangitsa methane kukhala wamakani, chifukwa amene sakumvetsa gwero la vutoli amalipira mayankho olakwika. Molekyu yake ili ndi atomu imodzi ya kaboni pakati, ndi maatomu anayi a haidrojeni mozungulira, onse pa mtunda wofanana. Ilibe mbali yofooka, ilibe pogwira. Kuti muthothole haidrojeni mmodzi pamafunika mphamvu yokwana ma kilojoule 439 pa mole (muyezo wa kuchuluka kwa mamolekyu), kuposa zimene zimafunika pa ethane, propane kapena butane. Apa ndiye pamene pamalowa catalyst. Kawirikawiri imakhala chitsulo cha mtundu wina chomwazidwa pa ufa kapena pa timibulu, ndipo ntchito yake ndi kugwira molekyu, kuifooketsa, kuikumanitsa ndi inzake, kenako n'kumasula chimene chapangika, iyo n'kutsala chikhalire kudikira ina. Kale mu 1817 Humphry Davy anaona waya wotentha wa pulatinamu ukupitiriza kufiira mu gasi wa malasha wosakanikirana ndi mpweya, popanda lawi lililonse. Kuwotcha gasi mpaka kutheratu mothandizidwa ndi chitsulo takhala tikukudziwa kwa zaka 200. Chimene chikutivutabe ndi kuimitsa ntchitoyo pakatikati, pamene methane wasanduka chinthu chaphindu koma asanafike pokhala carbon dioxide ndi madzi.

N'chifukwa chake mafakitale anasankha njira yozungulira: kuphwanyiratu methane, kenako kumanganso. Mukalowa m'fakitale ya feteleza kapena ya methanol mudzapeza ng'anjo yaikulu, ndipo mkati mwake mwaimikidwa mapaipi mazanamazana, iliyonse yotalika mamita oposa 10 koma yopyapyala, masentimita 10 kapena kuposerako pang'ono m'mimba mwake. M'mapaipimo mwadzaza timibulu tobowolabowola tokhala ndi nickel. Methane ndi nthunzi zimalowera kumwamba, moto ukuwomba mapaipiwo chakunja mpaka kufiira, ndipo kunsi, pa madigiri 800 mpaka 900, kumatuluka haidrojeni wosakanikirana ndi carbon monoxide, amene mainjiniya amamutcha syngas. Oyendetsa ng'anjoyo amasuzumira pa timawindo poyang'ana maonekedwe a mapaipi. Paipi ikayamba kuwala kuposa zinzake amadziwa kuti catalyst ya mkatimo yafooka kapena yakutidwa ndi mwaye, ndipo amachita changu, poti kutentha kukapitirira muyezo ndi madigiri 20 okha moyo wa paipiyo umafupika ndi theka. Sulufule wochepa chabe amapha nickel, choncho gasi amayamba wayeretsedwa asanalowe.

Njira imeneyi ndimailemekeza, ndipo aliyense amene amadya ayenera kuilemekeza. Haidrojeni wa m'ng'anjozi ndi amene masiku ano amakumanitsidwa ndi naitrojeni kupanga ammonia, m'njira imene Fritz Haber anaonetsa mu 1909 ndipo Carl Bosch anaimangira fakitale ku Oppau, ku Germany, mu 1913. Akatswiri amawerengera kuti pafupifupi theka la anthu a padziko amadya zokolola za feteleza ameneyu. Mu 1966 kampani ya ICI ku Billingham, ku England, inayamba kupanga methanol ndi catalyst ya kopa, zinc ndi alumina, imene mafakitale akugwiritsabe ntchito mpaka lero. Ndipo kuchokera pa zimene Franz Fischer ndi Hans Tropsch anatulukira ku Mülheim mu 1925, syngas yemweyo amasandutsidwa dizilo, mafuta a ndege ndi phula.

Vuto lake ndi kukula. Fakitale ya Pearl ku Qatar, imene inayamba ntchito mu 2011, inamangidwa kuti izipanga migolo 140,000 patsiku ya mafuta ndi zina zochokera ku gasi, koma inadya madola oposa 18 biliyoni ndipo imameza gasi pafupifupi makyubiki mita 45 miliyoni tsiku lililonse. Ya ku Escravos ku Nigeria, ya migolo 33,000 patsiku, inatsegulidwa mu 2014 itachedwa zaka zambiri, mtengo wake utakwera kufika pafupifupi madola 10 biliyoni, kuwirikiza kangapo zimene ankayembekezera poyamba. M'mafakitale oterewa, gawo lopanga syngas lokha limadya ndalama zoposa theka la zomangira. Mukachepetsa fakitaleyo ka 100, mtengo wake suchepa ka 100, ndipo ng'anjo yaing'ono imataya kutentha kwambiri poyerekeza ndi zimene ikupanga. Pamene gasi amene akuwotchedwa uja ali m'malo masauzande ambiri, omwazikana, ambiri aang'ono, ena kutali ndi msewu, ndipo kuchuluka kwake kumasintha mwezi ndi mwezi. Luso limene tili nalo ndi la malo amodzi okhala ndi gasi wochuluka. Gasi amene tikutaya ali m'malo ochuluka okhala ndi gasi wochepa. Nkhani yonse yagona pamenepa.

Asayansi anaona kalekale kuti yankho lingakhale kulumpha ng'anjo ija: kutenga methane n'kumuika atomu imodzi ya okosijeni kuti asanduke methanol mwachindunji, kapena kulumikiza mamolekyu awiri kuti apange ethylene, tate wa mapulasitiki ambiri. Methanol ndi wamadzi, amawira pa madigiri 65, ndipo lole wamba wa thanki akhoza kumunyamula. Papepala n'zophweka. Koma methanol ndi wofewa kuposa methane. Catalyst iliyonse yamphamvu zokwanira kuthyola methane imathyola methanol mwachangu kwambiri, n'kumupititsa mpaka ku carbon dioxide. Zili ngati kutsegula bokosi lachitsulo ndi moto pamene mkati mwake muli mapepala amene mukuwafunawo: kutentha kokwanira kuboola chitsulocho kumanyeketsa mapepala musanawatulutse. Mukasandutsa methane wochepa kwambiri, pafupifupi yense amakhala methanol. Mukangofuna kusandutsa wochulukirapo, methanol uja amayamba kupsa.

Anthu anzeru alimbana nalo vutoli kuchokera kumbali zosiyanasiyana, ndipo mbiri yawo muyenera kuidziwa musanasaine cheke china. Mu 1982 George Keller ndi Madan Bhasin a kampani ya Union Carbide anaonetsa kuti methane akhoza kulumikizidwa kukhala ethylene pakakhala okosijeni wochepa ndi kutentha kwa madigiri 700 kapena kuposa. Jack Lunsford wa ku Texas anapititsa ntchitoyi patsogolo mu 1985 ndi catalyst ya lithium ndi magnesia. Chiyambire nthawi imeneyo ma catalyst mazanamazana ayesedwa, koma zokolola zake zimakanika kudutsa 25 mpaka 30 peresenti, chifukwa ethylene amene wapangika amapsa m'makina momwemo. Kampani ya Siluria inafika pomanga fakitale yoyeserera ku La Porte, Texas, mu 2015, koma mu 2019 luso lake linagulitsidwa kwa ena isanamange fakitale yaikulu. Ku Dalian, ku China, mu 1993 ofufuza anapeza kuti molybdenum woikidwa mu zeolite, mwala wokhala ndi timabowo tating'ono kwambiri mofanana ndi kukula kwa mamolekyu, amasandutsa methane kukhala benzene ndi haidrojeni popanda okosijeni n'komwe. Popanda okosijeni palibe kupsa. Komabe pa madigiri 700 malamulo a chilengedwe amalola methane pafupifupi 12 peresenti yokha kusandulika, ndipo pakangopita maola ochepa timabowo tija timatsekeka ndi mwaye.

Njira imene ine imandichititsa chidwi kwambiri ndi ya katswiri wa chemistry Roy Periana. Potengera zimene Alexander Shilov anaona ku Russia chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, zoti pulatinamu wosungunuka m'madzi akhoza kugwira methane, Periana anaganiza zobisa methanol akangopangika. Mu 1998 iye ndi anzake anagwiritsa ntchito pulatinamu mu sulfuric acid wamphamvu kwambiri, pa madigiri pafupifupi 200. Methanol amene ankapangika ankamangiriridwa nthawi yomweyo ku asidiyo, ndipo akamangiriridwa chotero catalyst sinkathanso kumugwira. Zokolola zinadutsa 70 peresenti, chinthu chimene chinali chisanaonekepo. Nanga bwanji palibe fakitale yake? Kuti mumasule methanol uja muyenera kuthira madzi, madziwo amasungunula asidi, catalyst imafooka mu asidi wosungunuka, ndipo kubwezeretsa mphamvu ya asidiyo kumadya ndalama zoposa phindu. Chimene chinagonjetsa njirayi sichinali chemistry ya pa atomu, chinali mtengo wolekanitsa zinthu ndi kuzibwezeretsa. Mfundo imeneyi, inu ogawa ndalama, ikhale m'mutu mwanu.

Umboni woti zingatheke ulipo, ndipo uli m'matope. Mu 1906 wasayansi wa ku Netherlands, Nicolaas Söhngen, anapeza mabakiteriya amene chakudya chawo ndi methane. Tizilombo timeneti timasandutsa methane kukhala methanol pa kutentha wamba, m'madzi wamba, pogwiritsa ntchito enzyme, puloteni yogwira ntchito ngati catalyst, yotchedwa methane monooxygenase. Mtundu wina wa enzyme imeneyi uli ndi maatomu awiri a ayironi pakati pake, mtundu wina uli ndi kopa. Chinsinsi chake n'chakuti malo ogwirira ntchitowo abisika mkati mwa puloteni, ndipo njira yolowera imalola methane kufika koma methanol akangopangika amakankhidwira kunja. Ofufuza ayesa kutengera zimenezi ndi zeolite: Gennady Panov ku Novosibirsk, ku Russia, ndi ayironi m'zaka za m'ma 1990, gulu la ku Leuven, ku Belgium, ndi kopa mu 2005, ndipo mu 2017 gulu la Jeroen van Bokhoven ku Switzerland linaonetsa kuti madzi akhoza kupereka okosijeni wofunikayo. Methanol amatuluka woyera ndithu. Koma ufawo umafunika kuutenthetsa pa madigiri 400 kapena kuposa, kuuziziritsa kufika cha m'ma 200, kulowetsa methane, kutsuka ndi nthunzi, kenako kuyambiranso, ndipo ulendo uliwonse umatulutsa kadontho. Ngakhale bakiteriya uja salandira zaulere, amawotcha gawo la methanol wake kuti apeze mphamvu yothyolera methane wotsatira.

Tsopano inu osunga thumba la kafukufuku, tiyeni tilowe mu labotale tione zimene ndalama zanu zimagula. Pali kapaipi kagalasi ya quartz konenepa ngati chala. Pakati pake, pa kaubweya ka galasi, pali ufa woyera wosakwana theka la galamu. Methane akuchokera m'botolo, woyeretsedwa bwino, wopanda sulufule, wopanda chinyontho, ndipo kawirikawiri wasungunulidwa ndi helium kapena argon. Makina oyezera akulemba zimene zikutuluka. Pakatha maola 10 kapena 20 wophunzira amazimitsa ng'anjo, amatulutsa kapaipi kaja, ndipo nthawi zambiri ufa woyera uja umakhala utada bii. Ntchito imeneyi ndi yofunika, ndipo ambiri oichita ndi anthu oona mtima. Koma m'fakitale catalyst imayenera kukhala zaka zingapo osasinthidwa, pa gasi wobwera ndi sulufule, madzi, carbon dioxide ndi fumbi, makina akuzima ndi kuyakanso. Pakati pa maola 20 ndi zaka zinayi pali chigwa chachikulu, ndipo m'chigwa chimenecho ndi mmene malonjezo ambiri a methane aferamo. Thandizo lanu la zaka zitatu limakwanira kupeza ufa watsopano ndi kulemba lipoti. Silikwanira kudziwa ngati ufawo ungapirire.

Choncho sinthani zimene mumafunsa. Wina akabwera ndi lipoti loti catalyst yake imatulutsa methanol 95 peresenti, mufunseni kuti mwa methane amene analowa, wasandulika ndi wochuluka bwanji. Ngati sakukwana ngakhale 1 peresenti, sanagonjetse vuto lija, wangoima kumene silionekera. Mufunseni gwero la okosijeni wake. Malipoti ambiri okongola amagwiritsa ntchito hydrogen peroxide, amene ndi wodula kuposa methanol amene akupangidwayo, kapena nitrous oxide, amene simungamupeze m'chipululu. Mufunseni ngati kaboni yense amene analowa wawerengeka potuluka. Mufunseni kuti methanol wosungunuka m'madzi ambiri chonchi adzamulekanitsa ndi mphamvu yochuluka bwanji. Kenako patulani gawo lenileni la thumba lanu likhale la mayeso a maola masauzande, m'makina oyeserera oima pafupi ndi chitsime, ndipo mulipire ofufuza kuti asindikize zimene zalephereka. Lero gulu lililonse limagwera m'dzenje limene anzawo anagweramo kale, chifukwa magazini salandira nkhani ya catalyst imene inafa pa sabata yachitatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwa mtundu umenewu kumafuna malipiro a mainjiniya ndi amisiri kwa zaka, osati mphoto ya tsiku limodzi.

Musadikirenso njira yachindunji yokha ngati kuti palibe china chochita. Njira yozungulira ija ikhoza kuchepetsedwa. Mu 2019 ofufuza a ku Denmark, a yunivesite ya DTU ndi kampani ya Haldor Topsoe, anapaka catalyst mkati mwa paipi yachitsulo n'kuitenthetsa ndi magetsi mwachindunji, popanda moto, ndipo anawerengera kuti makina oterewa akhoza kuchepa ka 100 poyerekeza ndi ng'anjo ya masiku onse. Ena akung'amba methane popanda mpweya kuti atuluke haidrojeni ndi kaboni wouma. Kampani ya Hazer ku Perth, ku Australia, imachita zimenezi ndi miyala ya ayironi, ndipo ku Santa Barbara, ku United States, mu 2017 ofufuza anadutsitsa methane mu nickel ndi bismuth zosungunuka, kaboni n'kumayandama pamwamba m'malo mokwirira catalyst. Ubwino wake ndi wakuti ng'anjo ya nthunzi imatulutsa makilogalamu 9 kapena 10 a carbon dioxide pa kilogalamu iliyonse ya haidrojeni, pamene kuno kaboni amatsala m'manja. Koma amatsala wambiri, makilogalamu atatu pa kilogalamu imodzi ya haidrojeni, ndipo msika wa kaboni wopangira matayala ndi mabatire sungameze yense, choncho kafukufuku wa kogulitsa kaboniyo ayende limodzi ndi wa makinawo. Ndiye pali mabakiteriya aja. Ku Chongqing, ku China, kunamangidwa fakitale yoti izipanga matani 20,000 pachaka a puloteni ya chakudya cha nsomba powadyetsa methane. Zonsezi zili ndi zolemala zake, koma zafika poti zikhoza kuyesedwa pa gasi amene akuwotchedwa lero.

Inu akuluakulu a makampani, gasi muli naye, malo muli nawo, ndipo mainjiniya odziwa kuyendetsa makina m'malo ovuta ndi anu. Wofufuza wa ku yunivesite sangapeze gasi wa pachitsime popanda chilolezo chanu, ndipo sadziwa n'komwe kuti gasiyo amasintha bwanji usiku ndi usana kapena chaka ndi chaka, chifukwa ziwerengerozo mumazitsekera m'kabati. Tsegulani zitsime zingapo zikhale malo oyeserera. Perekani paipi, magetsi, chitetezo ndi ziwerengero, ndipo mulole zotsatira zisindikizidwe ngakhale zitakhala zokhumudwitsa. Ndalama zimene zingafunike n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zokumbira chitsime chimodzi cha pansi pa nyanja.

Koma ndikudziwa kuti kampani siisintha chifukwa cha kalata. Imasintha masamu akasintha, ndipo masamuwo ali m'manja mwa inu nduna. Makina aliwonse osandutsira methane amapikisana ndi paipi yokhala ndi moto pansonga, imene ndi yotsika mtengo kuposa china chilichonse. Ngati chindapusa cha kuwotcha chikhalabe chochepa, kapena chosatoleredwa, kapena chowerengedwa pa ziwerengero zimene kampani yadzilembera yokha, palibe catalyst imene ingapambane mpikisano umenewo, ngakhale itakhala yabwino chotani. Norway inaletsa kuwotcha kwa tsiku ndi tsiku kuyambira pamene inayamba kupopa mafuta kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1991 inaika msonkho pa carbon dioxide wa m'zitsime za m'nyanja. Kampani yofuna chilolezo kumeneko imayenera kufotokoza kaye kumene gasi adzapite. Lero dzikolo limapopa mafuta ambiri koma limawotcha gasi wochepa kwambiri pa mgolo uliwonse poyerekeza ndi mayiko ena opopa mafuta. Silinadikire luso lodabwitsa. Lamulo linatsogola, mainjiniya n'kupeza njira.

Pali chenjezo limene sindingalisiye, chifukwa ndikuopa kuti kalata ngati ino ikhoza kusandutsidwa chobisalirapo. Lonjezo la catalyst ya mawa lisakhale chifukwa chochedwetsera ntchito ya lero. Bungwe la International Energy Agency linawerengera kuti mu 2023 mafuta, gasi ndi malasha zinatulutsa methane pafupifupi matani 120 miliyoni, ndipo linati pafupifupi 40 peresenti ya ameneyu akanatetezedwa popanda kuluza ndalama, poti gasi wopulumutsidwayo amagulitsidwa. Zofunika pamenepo ndi kumanga mavavu otayikira, kusintha zotsekera zakutha, ndi kuyatsanso moto umene wazima. Madzi akatayika saoleka, ndipo methane amene wathawira mumlengalenga palibe makina amene angamubweze pa mtengo wotheka. Pamene paipi ingafike, yalani paipi. Pamene gasi angayendetse jenereta yopatsa anthu oyandikana nawo magetsi, yambani ndi imeneyo. Chemistry ndi ya gasi amene njira zimenezi sizingamufikire. Isakhalenso chifukwa chotsegulira zitsime zatsopano, pakuti methanol akawotchedwa mu injini kaboni wake amapitabe kumwamba. Phindu lenileni lili pamene katundu wopangidwa ndi gasi wotayika akulowa m'malo mwa katundu amene akanapangidwa ndi gasi kapena malasha okumbidwa mwadala.

Ena a inu mungafunse kuti, poti mayiko akulankhula zochoka pa mafuta, n'kuikiranji ndalama pa luso limeneli? Methane sachokera m'zitsime zokha. Amatuluka m'malo otayira zinyalala, m'madamu oyeretsera zimbudzi za m'mizinda ndi m'ndowe za ziweto, ndipo gasi wa m'malo amenewa amakhala ndi methane 50 mpaka 70 peresenti. Naye ndi womwazikana, wochepa pamalo amodzi, wodetsedwa ndi sulufule ndi chinyontho. Makina amene angapirire pachitsime cha m'chipululu adzagwiranso ntchito pa dzala la mzinda, zitsime zitatsekedwa kale. Ndipo anthu adzafunabe feteleza, guluu ndi mapulasitiki a m'zipatala, zimene zimafuna kaboni ndi haidrojeni wochokera kwinakwake.

Mu 2021 ku Glasgow mayiko oposa 100 analonjeza kuchepetsa methane ndi 30 peresenti pofika 2030, poyerekeza ndi mmene zinalili mu 2020. Ambiri a inu mayina a mayiko anu ali pamenepo. Ndikupempha kuti chilolezo chilichonse chokumba mafuta chimene mudzasaine kapena kuwonjezera nthawi yake kuyambira tsopano chikhale ndi mita yoyezera gasi pa paipi iliyonse yowotchera, yoyang'aniridwa ndi anthu osalipidwa ndi kampaniyo, ndipo ziwerengero zake zizilengezedwa mwezi ndi mwezi kuti aliyense azione. Chindapusa chiwerengedwe pa mita imeneyo, chizikwera chaka ndi chaka, ndipo gawo lake lizipita molunjika ku makina oyeserera amene adzaimikidwe pambali pa motowo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa chemistry